Kodi ❌ wofiira uja amatanthauzanji, nanga n'koyenera kumuika pambali pa dzina la munthu?

Funso: Ndine mlembi wa banki m'khonde ya kwathu, ndipo tili ndi gulu pa WhatsApp. Mwezi watha ndinalemba mayina a mamembala onse. Amene anabweza ngongole ndinawaikira ✅, amene anali asanabweze ndinawaikira ❌. Mayi ena achikulire, amene tonse timawapatsa ulemu, anakhumudwa kwambiri, akuti ndawathetha pagulu ngati mwana wasukulu. Mwana wanga akuti chizindikirochi n'cha a Red Cross, pamene mng'ono wanga amene ali ku Britain akuti kumeneko X ndi chizindikiro cha chikondi. Kodi ❌ amatanthauza chiyani kwenikweni, nanga ndinalakwa?

Yankho: Mayi, pa tanthauzo simunaphonye. ❌ amanena kuti ayi, sizolondola, sizinachitike, zalephereka. Aliyense amene anaona mndandanda wanu anamva msanga kuti awa abweza, awa sanabweze. Koma mayi achikulirewo sakukokomeza. Chinawapweteka ndi malo amene chizindikirocho chinakhala, pambali pa dzina lawo, gulu lonse likuona. Ndikhalitsa pa mfundo imeneyi, chifukwa za Red Cross ndi zachikondi zija sizivuta kumasula.

Maemoji ambiri amene tili nawo m'mafonimu anabadwira ku Japan. Makampani a mafoni a kumeneko anayamba kuika tizithunzi m'mauthenga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo todziwika kwambiri ndi tizithunzi 176 timene Shigetaka Kurita anakonzera kampani ya NTT DoCoMo mu 1999. Kampani iliyonse inali ndi takeake, moti uthenga wochoka pa netiweki ina unkatha kufika kwa mnzako utasokonekera. Mu 2010 bungwe la Unicode, limene limapereka nambala kwa chilembo chilichonse kuti mafoni ndi makompyuta onse azimvana, linalandira maemoji mazanamazana ochokera ku Japan, ndipo ❌ analowa nawo chaka chimenecho. M'kaundula wa bungweli dzina lake ndi Cross Mark, nambala yake U+274C. Kajambulidwe kake n'ka kampani iliyonse payokha. Apple, Google, Samsung ndi WhatsApp amajambula wina wonenepa, wina wowonda, koma onse amamupaka utoto wofiira.

Ku Japan X ameneyu ali ndi mnzake woyenda naye, ndipo mnzakeyo si ✅ amene ife tinazolowera. Ndi ⭕, chozungulira chofiira chija. Chozungulira amachitcha maru, X amamutcha batsu. Mphunzitsi wa kumeneko akapeza yankho lolondola amalizunguliza ndi cholembera chofiira. Lolakwika amalithetha, ndipo aphunzitsi ena amaikapo kachizindikiro kofanana ndi kochonga kathu kaja, moti mwana wa ku Malawi ataona pepala lotero angasangalale pamene walakwa. Munthu akamafufuza malo ogona pa intaneti, chozungulira chimamuuza kuti malo alipo, chamakona atatu chimati atsala ochepa, X amati adzaza. Manja nawo amalankhula zomwezo: 🙆 ndi munthu amene wapanga chozungulira pamwamba pa mutu kuvomereza, 🙅 ndi amene wapingasa mikono pachifuwa kukana. Achinyamata osewera PlayStation mwina sadziwa kuti kwa zaka zambiri ku Japan batani la chozungulira ndilo linali lovomereza, la X lobwerera m'mbuyo, pamene ku Ulaya ndi ku America X ndiye anali wovomereza. Sony, kampani yopanga PlayStation, inafananitsa zimenezi mu 2020 potulutsa PlayStation 5.

Taonani kuti pa zonsezi X akukhala pa zinthu: yankho la masamu, chipinda cha ku hotelo, batani. Pamene anakhalapo pa dzina la munthu, ngakhale ku Japan komweko anasiya chipsera. Kale, m'kaundula wa mabanja wolembedwa pamanja, banja likatha ankalemba X pa dzina la amene wachoka m'banjamo. Mpaka lero munthu amene banja lake linatha kamodzi amamutcha batsuichi, kunena kuti wathethedwa kamodzi, ngakhale kuti kaundula wa pakompyuta anasiya kulemba X. Dziko limene linatipatsa emoji imeneyi limadziwa bwino kulemera kwake pa dzina.

Ife tinamudziwira m'kalasi. Tonse amene tinadutsa ku pulayimale tikukumbukira kope likubwera kuchokera kwa aphunzitsi, maso n'kuthamangira kuwerenga kuti achonga zingati, athetha zingati. Ambiri a msinkhu wa mayi aja anaphunzira nthawi imene kuthethedwa kunkabwera ndi chikwapu kapena kusekedwa ndi anzako. Amene sanapitirize sukulu, kawirikawiri osati mwa kufuna kwawo, cholembera chofiira chimawakumbutsa zowawa zambiri. Palinso X wina amene timamuona m'mbali mwa misewu ikuluikulu, kuno ndi m'mayiko oyandikana nafe, wopakidwa ndi penti yofiira pa khoma la nyumba kapena golosale imene yamangidwa m'malire a msewu. Mwini wake akadzuka n'kumupeza amadziwa kuti nyumbayo igwetsedwa. Munthu amene wakula akuona X wa mitundu iwiriyi sangamuone pa dzina lake n'kungoti ndi kachithunzi ka pafoni.

Koma pali vuto lina loposa manyazi, ndipo inu monga mlembi likukukhudzani mwachindunji. ❌ sadziwa kunena kuti "pakadali pano". Sasiyanitsa munthu amene sanabwezebe ndi amene wakana kubweza. Pa mndandanda wa ngongole pamakhala anthu osiyanasiyana. Wina tsiku lake lobwezera silinakwane. Wina anabweza theka, watsala ndi chiwongoladzanja. Wina anagwa m'maliro kapena ali ndi matenda pakhomo, ndipo anakambirana kale ndi apampando kuti abweza sabata yamawa. Wina anatumiza ndalama pafoni usiku, msungichuma sanaone uthenga. Ndiye pali uja amene akuthawadi, foni sakuyankha, kumsonkhano sakubwera. Mukawaikira onsewa ❌ mmodzi yemweyo, mwawaika m'gulu limodzi ndi wothawayo. Mndandanda wotero sunama, koma sunenanso zoona zonse, pamene ntchito ya mlembi ndi kusunga zoona zonse. Apa m'pamene ndikuona kuti panalakwika, ngakhale mayi aja akanapanda kudandaula.

Sindikunena kuti mubise amene ali ndi ngongole. Banki m'khonde imaima pa kuchita zinthu poyera. Ndalama n'za anthu onse, ndipo membala aliyense ali ndi ufulu wodziwa kumene masheya ake ali. Magulu ambiri amagwa chifukwa chakuti atsogoleri anachita manyazi kutchula amene sakubweza, makamaka akakhala munthu wolemekezeka. Ulemu usakhale chifukwa chosiyira ngongole. Chimene ndikupempha n'chakuti mndandanda uzinena zambiri kuposa inde ndi ayi. Lembani dzina, ndalama imene yatsala, ndi tsiku lobwezera. Amene amaliza aikireni ✅ ngati mukufuna. Amene sanamalize asiyeni opanda chizindikiro, kapena ikani ⏳, amene amasonyeza kuti tikudikira. Nambala ndi tsiku zimakumbutsa munthu mwamphamvu kuposa X, ndipo sizimuchititsa manyazi. Ngati gulu likufuna ❌ kwa amene apitirira tsiku popanda kunena chilichonse, kambiranani pamsonkhano, zilowe m'malamulo a gulu, aliyense avomereze. Chizindikiro chimene anthu anagwirizana okha sichiwawa ngati chimene munthu wangodzuka n'kuchipeza pa dzina lake.

Za mayi achikulirewo, musawapepese ndi 🙏 pagulu pomwepo. Pitani kunyumba kwawo, kapena aimbireni foni ngati kuli kutali, ndipo ngati n'kotheka mutsagane ndi apampando. Auzeni kuti cholinga chinali kusonyeza momwe ndalama zilili, ndipo mwaona kuti njirayo inali yowawa. Mukasintha kalembedwe mwezi uno, gulu lonse liona lokha kuti dandaulo lawo lamveka. Ngongoleyo ikadalipo ndithu, ndipo mungaikambe pa ulendo womwewo mwaulemu.

Tsopano za mwana wanu. Chizindikiro cha Red Cross ndi mtanda woongoka, wa mikono inayi yofanana, ngati chizindikiro chophatikizira pa masamu, wofiira pa nsalu yoyera. ❌ ndi wopendekeka. Kusiyanaku n'kofunika kuti mwanayo akudziwe, chifukwa mtanda wa Red Cross si chokongoletsera. Unakhazikitsidwa mu Pangano la Geneva la 1864, patapita zaka zisanu kuchokera pamene Henry Dunant wa ku Switzerland, mmodzi mwa amene anayambitsa Red Cross, anaona asilikali ovulala atasiyidwa opanda thandizo pa nkhondo ya ku Solferino, ku Italy, mu 1859. Mitundu yake ndi ya mbendera ya Switzerland yotembenuzidwa. Pa nkhondo umauza omenyana kuti uyu ndi wachipatala, musamuombere, ndipo malamulo amaletsa kuugwiritsa ntchito mwachisawawa, ngakhale pa malonda. Ndi umene mumauona pa zovala za anthu a Malawi Red Cross Society akamathandiza pa kusefukira kwa madzi. Pa kiyibodi ya maemoji mulibe emoji ya mtanda umenewu. Chimene chilipo ndi chisoti cha opulumutsa anthu, ⛑️, chokhala ndi mtanda woyera. Choncho wolemba uthenga wopempha thandizo la odwala kapena woyamika anamwino asaikepo ❌ poganiza kuti ndi chizindikiro cha chipatala, chifukwa owerenga adzamva ngati akukana. Chimodzimodzi pa uthenga wamaliro kapena wa kutchalitchi: mtanda wa chikhristu ndi ✝️. Kuika ❌ pansi pa chithunzi cha malemu n'kulakwitsa kumene kungapweteke anamfedwa kwambiri, ndipo kumachitika mosavuta munthu akamasankha mofulumira ndi maso a misozi.

Mng'ono wanu akunena zoona, kungoti akunena za chinthu china. Ku Britain anthu amamaliza uthenga kwa mnzawo kapena wachibale ndi chilembo x, kawirikawiri chaching'ono, nthawi zina awiri kapena atatu, kutanthauza kupsompsona. Ndi chilembo wamba cha pa kiyibodi. ❌ wofiira sagwira ntchito imeneyo, ndipo mukamutumizira mng'ono wanuyo kumapeto kwa uthenga adzadabwa kuti mwakana chiyani.

Mfundo yake ikutikumbutsa kuti X wolemba pamanja sakana nthawi zonse. Ku Britain ndi ku South Africa, munthu povota amalemba X m'kabokosi ka amene akumufuna. Kuno tinazolowera kuchonga kapena kudinda ndi chala. Mafomu ambiri a m'maofesi a kunja amati ikani X pa yankho limene mwasankha. Ndiye ngati m'gulu mwanu muli abale a ku Johannesburg kapena ku London, ndipo mwafunsa kuti amene abwere ku chinkhoswe adzionetse, wina akaika X pa dzina lake mufunseni ngati akuti abwera kapena sabwera. Pofunsa zoterezi, nenani nokha poyamba kuti obwera aike ✅, osabwera aike ❌. Apa ❌ pa dzina alibe vuto, chifukwa munthu akudziikira yekha. Njira ina yosavuta ndi kugwiritsa ntchito mavoti a pa WhatsApp, amene anayamba mu 2022, pamene aliyense amangodina yankho lolembedwa m'mawu.

Pa kiyibodi pali ena ofanana naye amene amasokoneza. ❎ ndi X woyera m'kabokosi kamene mafoni ambiri amakapaka kobiriwira, ndipo poti ✅ nayenso ndi wobiriwira, munthu wowerenga mothamanga amaona ngati mwavomera. Ine ndimalangiza kungomupewa. ✖️ ndi wa masamu, wochulukitsira. 🚫 amaletsa, monga kusuta kapena kujambula, pamene ⛔ ndi chikwangwani cha pamsewu choti osalowa. Kusiyana kwa 🚫 ndi ❌ n'kwakuti woyambayo amati musachite, wachiwiriyo amati sizoona kapena sizinatheke.

Pamene ❌ amagwira ntchito yake bwino ndi pambiri, ndipo sindikufuna kuti mumuope. Masewero a chikho akafika pa mapenate, kaya ndi Bullets ndi Wanderers kaya ndi matimu a ku Ulaya, olemba pa Facebook amandandalika ✅✅❌✅, ndipo amene alibe wailesi pafupi amaona nthawi yomweyo momwe zikuyendera. Ogulitsa zovala ndi nsapato pa WhatsApp amamuika pa chithunzi cha katundu amene watha. Alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi amaika njira yolakwika ndi ❌, yolondola ndi ✅, monga pa kasungidwe ka madzi akumwa kapena ka chimanga, ndipo uthenga umafika ngakhale kwa amene amavutika kuwerenga. Ubwino wina ndi wakuti zizindikiro ziwirizi zimasiyana maonekedwe, osati mtundu wokha. Pali anthu, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa bwino zofiira ndi zobiriwira, ndipo kwa iwo 🔴 ndi 🟢 zimaoneka zofanana, pamene X ndi kuchonga sizingasokonezeke. Ofufuza nkhani zabodza amamudinda pa chithunzi cha uthenga wonama, ndipo apa ndimakonda kuti akhale wamkulu, wodutsa pakati pa chithunzicho, kuti wina asachidule n'kuchifalitsanso ngati choona. Msonkhano ukalephereka, ❌ kutsogolo kwa tsiku lakale ndi ✅ kutsogolo kwa latsopano zimapulumutsa anthu ku ulendo wachabe.

Nthawi zina anthu amamupatsa tanthauzo la kanthawi, la gulu lawo lokha. Mu 2018 anthu ena ku America, makamaka otsatira a Donald Trump, ankamuika pambali pa mayina awo pa Twitter podandaula kuti kampaniyo ikubisa zolemba zawo. Kuyambira mu 2023, pamene Twitter inasintha dzina kukhala X, ena amamugwiritsa ntchito pongotchula tsambalo. Mukamuona pa dzina la munthu wakunja pa intaneti, musafulumire kuganiza kuti wathethedwa ndi wina.

Pali chizolowezi china chimene chikukula, ndipo chikundidetsa nkhawa kuposa mndandanda wanu. Kuyambira mu 2022 WhatsApp imalola kudina uthenga wa munthu n'kuuyankha ndi emoji yokha. Poyamba zinali zisanu ndi imodzi, kenako analola iliyonse. Ndiye mumapeza munthu walemba maganizo ake mofatsa, mizere khumi, mwina za momwe gulu lingagawire ndalama kumapeto kwa chaka, wina n'kungomuponyera ❌ pansi pake. Sananene chimene akukana, kaya ndi mfundo yonse, kaya ndi nambala imodzi, kaya ndi munthu mwiniyo. Pamaso sitingachite zimenezo. Wamkulu akalankhula pabwalo, wotsutsa amayamba wavomereza kuti wamva, kenako n'kunena mbali yake. Mwana kuyankha bambo ake, mpongozi kuyankha apongozi, kapena wantchito kuyankha abwana ndi ❌ yekha, n'chimodzimodzi kuwatembenukira msana ali mkati molankhula. Kwa anzanu a msinkhu umodzi, pa funso lalifupi ngati lakuti magetsi ayaka kwanuko, ❌ akukwanira ndipo palibe angadandaule. Funso likakhala lolemera kapena wofunsa akakhala wamkulu, lembani mawu, ngakhale atatu okha: pepani, sinditha, ndadwalika.

Pa nkhani za ndalama mawu ndi ofunika pa chifukwa chinanso. Mu 2023 khothi la ku Saskatchewan, m'dziko la Canada, linagamula kuti mlimi amene anayankha chithunzi cha mgwirizano wogulitsa mbewu ndi 👍 anavomera mgwirizanowo. Mlimiyo ankati ankangosonyeza kuti uthenga waulandira, koma woweruza anaona momwe awiriwo ankachitira malonda m'mbuyomo, ndipo anamulamula kulipira ndalama zoposa madola 82,000 a ku Canada chifukwa chosapereka mbewuyo. Chigamulo chimenecho n'cha ku Canada, koma chikuonetsa kuti kachithunzi kangathe kuwerengedwa ngati mawu a munthu. Membala akapempha ngongole pagulu, msungichuma n'kuyankha ❌, kodi wakana pempholo, kapena akuti m'bokosi mulibe ndalama lero? Wogula akaika ❌ pa katundu amene anaitanitsa, kodi wasintha maganizo, kapena akuti sanamulandire? Pakabuka mkangano aliyense adzamasulira mokomera mbali yake. Pa ngongole, pa oda ya katundu, pa lendi, lembani chiganizo chathunthu chokhala ndi ndalama ndi tsiku, emoji ibwere pambuyo ngati mukuifunabe.

Kumbukiraninso mamembala amene ali ndi mafoni amabatani. Mukawatumizira mndandanda womwewo pa meseji wamba, mafoni ambiri oterewa saonetsa maemoji. Pamalo pa ✅ ndi ❌ pamangobwera timabokosi topanda kanthu kapena zizindikiro za funso, moti wobweza ndi wosabweza amaoneka chimodzimodzi. Komanso meseji wamba imanyamula zilembo 160, koma mukangoikamo emoji imodzi malirewo amatsika kufika pa 70, ndipo uthenga umene ukanapita ngati meseji imodzi umagawika pawiri kapena patatu, mayunitsi n'kumadyeka. Kwa amenewa lembani "wabweza" kapena "yatsala K15,000, pofika pa 30", basi.